Ndinalembedwa Kale

Ntchito yanga ndi yomasulira. Ndamasulirapo timabuku ta katemera, malamulo a makalabu a alimi, ngakhalenso makalata a anthu osudzulana. Koma pepala lomwe linandichititsa manyazi kuposa onse linali la tsamba limodzi lokha, ndipo sindinalandirepo ngakhale tambala. Anandipatsa ndi mng'ono wanga wa ku Bulawayo, m'dziko la Zimbabwe.

Ndikuti mng'ono wanga mwa chibale cha kwathu. Agogo ake aamuna ndi agogo anga anali a bere limodzi. Wina anatsala ku Ntcheu, wina anapita ku Rhodesia kukasaka ndalama ya msonkho, n'kutchona. Mtsikanayu anabadwira konko, amayankhula Chindebele ndi Chingerezi, ndipo Chichewa chake chimathera pa moni ndi mayina a ndiwo. Pomwe ndinapita kukacheza kwawo, iye anali m'chaka chomaliza pa National University of Science and Technology, yomwe aliyense amangoti NUST. Ankaphunzira za umoyo wa anthu onse. Amayi ake ankauza anzawo kuti mwana wawo akuphunzira udokotala, iye n'kumakonza mosatopa: dokotala amaona wodwala yemwe wabwera, ife timafunsa chifukwa chomwe msewu wonse ukudwalira.

Kafukufuku wake womalizira sukulu anali wofuna kudziwa momwe mabanja amasungira madzi masiku omwe mipopi yauma. Anasankha Sizinda, komboni yomwe kampani ya njanji inamangira antchito ake, komwe mpaka lero kuli nkhalamba zochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo gule wamkulu si wachilendo. Mafunso ake anali kale m'Chindebele ndi m'Chishona. Anafuna kuti akhalenso m'Chichewa, pamodzi ndi pepala lopempha chilolezo, lija munthu amasaina kusonyeza kuti wavomera kufunsidwa.

"Sisi, n'kanthu kakang'ono," anatero. "Madzulo amodzi mwatha."

Ndinathadi madzulo amodzi. Chomwe sindinachiganizire n'chakuti mu mzinda umenewu, munthu wa zaumoyo wogogoda pakhomo atanyamula pepala ali ndi mbiri yaitali kumbuyo kwake.

Bulawayo wa lero anamangidwa ndi atsamunda mu 1894, pafupi ndi phulusa la likulu la mfumu Lobengula lomwe linapsa chaka cha 1893. Njanji yochokera kummwera inafika mu 1897. Mzinda wa azungu unayalidwa ndi misewu yotakata, pomwe anthu akuda anawaunjika kumadzulo, pamalo omwe ankangotchedwa lokeshoni, omwe pano ndi Makokoba. Anthu amasimba kuti dzinali linachokera kwa mzungu woyang'anira malowo, yemwe ankayenda chowerama ndi ndodo yake poyendera nyumba. Kaya zinalidi choncho, nkhaniyo ikusonyeza chomwe anthu anachisunga mumtima: lokeshoni inali malo oyenderedwa.

Chomwe chinkawadetsa nkhawa oyang'anira zaumoyo a nthawi imeneyo chinali chapawiri. Choyamba, matenda a ku lokeshoni asawolokere ku nyumba za azungu kudzera mwa ophika ndi olera ana. Chachiwiri, wantchito asafe kontalakiti isanathe. Apa ndi pomwe makolo athu amalowera m'nkhaniyi. Msonkho wa nyumba ku Nyasaland unatulutsa amuna ambirimbiri m'midzi, ena pansi ulendo wa milungu, ena kudzera ku Rhodesia Native Labour Bureau, bungwe lolemba anthu ntchito lomwe linakhazikitsidwa mu 1903, lomwe antchito ankalitcha chibaro. Charles van Onselen, m'buku lake lotchedwa Chibaro la mu 1976, anawerengera kuti pakati pa 1900 ndi 1933 antchito akuda opitirira 30,000 anafera m'migodi ya Southern Rhodesia. Ambiri mwa iwo sanaphedwe ndi miyala yogumuka. Anaphedwa ndi chibayo, komanso matenda otupitsa nkhama ndi kugwedeza mano omwe amagwira munthu wongodya ufa popanda masamba kapena zipatso. Anthu ochokera kotentha ankafa kwambiri ndi chibayo moti mu 1913 boma la South Africa linaletsa migodi ya ku Johannesburg kulemba anthu ochokera kumpoto kwenikweni, kuphatikizapo a ku Nyasaland. Ziwerengerozo zinalipo, zolembedwa bwino m'mabuku. Madokotala a migodi ankadziwa kuwerenga mitembo. Omwe ankawerengedwawo sankafunsidwa kanthu.

Mu Okutobala 1918 chimfine choopsa chija chinafika ku Bulawayo pa sitima yochokera ku South Africa, n'kufalikira m'makomboni a migodi ndi a njanji, momwe amuna ankagona mothithikana. Antchito ambiri anathawa, ena n'kufera m'njira yopita kwawo. Wolemba mbiri Terence Ranger analembapo za mliri umenewu, ndipo nkhani yake ndi ya kusamvana: akuluakulu ankaona anthu osamva malangizo, pomwe anthuwo ankaona kuti malo omwe akuwatsekerawo ndi omwe akupha.

Panalinso china chomwe amayi achikulire a ku Zimbabwe anachikumbukira mpaka ukalamba. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 mpaka za m'ma 1950, akazi akuda osakwatiwa omwe ankafuna kukhala kapena kugwira ntchito m'tauni ankakakamizidwa kuyezedwa kumaliseche, pofufuza matenda opatsirana pogonana. Ankachitcha chibeura, kuchokera ku liwu la Chishona lonena za kutsekula mokakamiza. Lynette Jackson, yemwenso analemba mbiri ya chipatala cha amisala cha Ingutsheni chomwe chinatsegulidwa ku Bulawayo mu 1908, anacheza ndi amayi omwe zinawachitikira. Zonsezi zinkachitika m'dzina la umoyo wa anthu onse, dzina lomwelo lomwe lalembedwa pa digiri ya mng'ono wanga.

Sindikufuna kunama kuti mbiri yonse ndi yakuda bii. Bulawayo anadzatchuka ngati mzinda woyendetsedwa bwino kuposa ina. Kuyambira 1949 nkhani za anthu akuda mu khonsolo zinali m'manja mwa Hugh Ashton, katswiri wa chikhalidwe cha anthu, ndipo m'nthawi yake phindu la mowa wa masese womwe khonsolo inkaphika, uja wa Ingwebu, linamanga nyumba, malo a achinyamata ndi zina zothandiza anthu m'makomboni. Nkhani yoseketsa ndi yomvetsa chisoni pamodzi: bambo ankamwa malipiro ake ku bala ya khonsolo, ndalamayo n'kukamanga holo yomwe mwana wake akasewereko. Chipatala chachikulu cha Mpilo, dzina lomwe m'Chindebele limanena za moyo, chinatsegulidwa mu 1958. Koma ngakhale zabwinozi zinkabwera ngati mvula, kuchokera kumwamba. Wina ankaganizira anthu chomwe chikuwayenera.

Sukulu yophunzitsa ntchito imeneyi inachedwa kufika ku Bulawayo. Koleji ya ukachenjede ya Rhodesia ndi Nyasaland inali ku Salisbury, komwe pano ndi Harare, ndipo maphunziro a udokotala anayamba kumeneko mu 1963. Dziko litalandira ufulu mu 1980, boma latsopano linatsatira mfundo za msonkhano wa ku Alma-Ata wa mu 1978, zoti chithandizo choyambirira chifike komwe anthu ali. Linaphunzitsa alangizi a zaumoyo a m'midzi, linafalitsa katemera, zimbudzi za paipi yotulutsa fungo zomwe kumeneko amazitcha Blair, ndi madzi a mchere ndi shuga a mwana wotsekula m'mimba. Mayi aliyense wa msinkhu wa amayi ake a mng'ono wanga amaloweza muyeso wake ngati pemphero: botolo la 750 ml la madzi owiritsa, masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga, theka la supuni ya mchere.

NUST inatsegulidwa mu Epulo 1991 ndi ophunzira 270, motsogozedwa ndi Pulofesa Phinias Makhurane. Chaka chomwecho ku Blantyre kunatsegulidwa College of Medicine, yomwe inkatumiza ophunzira ake ku Mangochi kuti akaphunzire za umoyo wa m'midzi. Pambuyo pake NUST inadzakhala ndi maphunziro a zachilengedwe ndi umoyo wa anthu, komanso sukulu ya udokotala yomwe ili pa Mpilo. Koma pali pulogalamu ina yomwe ndimaikonda chifukwa cha dzina la ganizo lomwe inabadwiramo. Mu 1993 University of Zimbabwe, mothandizidwa ndi Rockefeller Foundation, inayamba digiri yachiwiri ya za umoyo wa anthu pansi pa ndondomeko ya sukulu zopanda makoma. Uganda ndi Ghana anadzatsatira. Ophunzira ake, omwe ambiri ndi madokotala, anamwino ndi oyendera zaukhondo omwe agwirapo kale ntchito, amakhala m'kalasi miyezi yochepa chabe. Nthawi yotsalayo amatumizidwa ku maofesi a zaumoyo a m'zigawo ndi m'mizinda, ndipo nthambi ya zaumoyo ya khonsolo ya Bulawayo ndi amodzi mwa malo amenewo. Asanamalize ayenera kufufuza mliri weniweni, kuunika ngati njira yochenjezera za matenda ikugwira ntchito, ndi kusanthula ziwerengero zomwe zinangounjikidwa m'mabuku a zipatala. Ngati mu mzinda mwabuka kamwazi Lachisanu madzulo, kalasi ya Loweruka ndi imeneyo.

Moyo wa mng'ono wanga pa NUST sunali wosiyana kwenikweni. Zaka ziwiri zoyambirira zinali za m'kalasi: makombi awiri m'mawa, wina wopita m'tauni, wina wopita ku Gwanda Road komwe kuli sukuluyo, kenako maphunziro a kafalidwe ka matenda, tizilombo, malamulo, ndi masamu omwe ankawaopa kuposa chilichonse. Monga aliyense wophunzira zimenezi padziko lapansi, anamva za John Snow, yemwe mu 1854 anajambula mapu a nyumba za omwalira ndi kolera ku London n'kupeza kuti zazungulira mjigo umodzi. Chaka chachitatu pa NUST n'chopita kukaphunzirira pantchito. Iye anachithera akuyenda ndi oyendera zaukhondo. Ankalowa m'mabutchala kukayeza kuzizira kwa mafiriji, n'kumaona nkhope ya mwini butchala ikusintha. Ankatunga madzi m'timabotolo towiritsa, kutiika m'bokosi la ayezi ndi kuthamangira nato ku labu tisanatenthe. Anandionetsa kachipangizo koyezera klorini: umaponya kapiritsi m'madzi, akafiirira ndiye kuti mankhwala ophera tizilombo akadalimo, akangokhala mbee ndiye kuti paipi yawadya m'njira. Ankatsatira achibale a odwala chifuwa chachikulu. Sabata iliyonse ankathandiza kusonkhanitsa ziwerengero za m'makiliniki: otsekula m'mimba angati, a kamwazi angati, olumidwa ndi agalu angati. Mzere wa sabata ino ukadumpha wa zaka zam'mbuyo, foni zimayamba kulira.

Anandifotokozeranso njira yomwe amagwirira gwero la mliri, ndipo ndinaikonda chifukwa ndi nzeru yomwe agogo aliyense angaimve. Umapeza anthu omwe adwala, n'kupezanso anzawo oyandikana nawo, a msinkhu wofanana, omwe sanadwale. Onse umawafunsa mafunso amodzimodzi: munamwa kuti, munadya chiyani, munapita ku maliro ati? Chomwe chikupezeka kwambiri mwa odwala koma chikusowa mwa osadwala, chimenecho ndiye uchiyang'anitsitse. Njira yonseyi yatsamira pa chinthu chimodzi, choti munthu atsekule chitseko ndi kuyankha zoona.

Ku Bulawayo mafunso ambiri otere amathera pa madzi. Mzindawu uli kouma, ndipo umadalira madamu a kummwera chakummawa: Upper Ncema, Lower Ncema, Umzingwane, Inyankuni, Insiza ndi Mtshabezi, kuphatikizapo zitsime zakuya za ku Nyamandlovu. Ganizo lokoka madzi ku Zambezi linayamba kukambidwa mu 1912, ndipo anthu akudikirabe. Pa kolera wa 2008 mpaka 2009, yemwe anagwira anthu opitirira 98,000 m'dziko lonse ndi kupha opitirira 4,000, Bulawayo anapulumuka kwambiri poyerekeza ndi Harare kapena Beitbridge, ndipo ambiri amati chinathandiza n'chakuti khonsolo inakana kupereka madzi ake m'manja mwa bungwe la boma la ZINWA. Mu Sepitembala 2012, madzi akutsekedwa maola 72 pa sabata, khonsolo inapempha anthu onse kuti azigujumula zimbudzi zawo nthawi imodzi, 7:30 madzulo, kuti mapaipi a zonyansa omwe anauma atsukike. Manyuzipepala akunja anaseka. Mng'ono wanga, yemwe panthawiyo anali mwana wa ku pulayimale, amakumbukira ataima m'chimbudzi dzanja lili pa chogujumulira, amayi ake akuyang'ana wotchi.

Za mu 2020 palibe anaseka. Dziko lili pa chitseko chifukwa cha Covid-19, anthu akuuzidwa kuti azisamba m'manja pafupipafupi, madzi ankatsekedwa maola 144 pa sabata, kutanthauza masiku asanu ndi limodzi. Ku Luveve anthu anadandaula kuti madzi a m'mipopi akununkha, ndipo matenda otsekula m'mimba anapha anthu 13, ambiri mwa iwo ana. Ophunzira amaphunzitsidwa momwe zoterezi zimachitikira: paipi yodzaza imakankhira madzi kunja, koma paipi yopanda kanthu imayamwa, ndipo ngati pali mng'alu pafupi ndi pomwe zonyansa zikutayikira, imayamwa zomwezo. Madzi akabwerera, oyamba kutuluka ndiwo oopsa. Ife a ku Malawi tilibe pomwe tingayimire n'kuloza chala: kolera wa 2022 mpaka 2023 anatiphera anthu opitirira 1,700. Mng'ono wanga anasankha mutu wa kafukufuku wake chifukwa cha Luveve.

Tsono tibwerere ku pepala lija. Mafunso enieniwo sanandivute kwambiri, ngakhale panali mawu ozembera. Liwu la Chingerezi lonena za anthu a pakhomo limodzi ndinalimasulira kuti banja, mng'ono wanga n'kundikumbutsa kuti nyumba imodzi ya ku komboni imatha kukhala ndi eni ake, alendi awiri ndi mdzukulu wa mlongo wawo. Tinagwirizana zoti tizifunsa za anthu odyera mphika umodzi. Panalinso chiganizo chonena kuti nyumbayi yasankhidwa popanda kukondera. Ndinayamba ndalemba kuti yasankhidwa mwachisawawa, kenako n'kudziseka, chifukwa ndani angalandire mlendo wonena yekha kuti ntchito yake ndi yachisawawa? Ndinasintha n'kuti yasankhidwa ngati mwa maere.

Pepala lopempha chilolezo ndi lomwe limasiyanitsa mng'ono wanga ndi mzungu wa ndodo uja. Linabadwa pa milandu ya madokotala a Nazi ku Nuremberg mu 1947, n'kukhwimitsidwa ku Helsinki mu 1964, ndipo ku Zimbabwe bungwe la Medical Research Council of Zimbabwe ndi makomiti a m'masukulu amaonetsetsa kuti lilipo. Limati: ndine wakutiwakuti, ndikufuna kudziwa chakuti, simulandira kanthu, dzina lanu silituluka, mukhoza kukana ndipo palibe chomwe chikuchitikireni. Pamwamba pake panali chiganizo chonena kuti munthuyo akupemphedwa kulowa nawo m'kafukufuku. Ine, ndi digiri yanga yachiwiri, ndinalemba kuti: "Tikufuna kukulembani m'kafukufuku wathu."

Tinapita ku Sizinda Lachiwiri m'mawa, tsiku lachitatu mipopi chiumireni. Pakhomo lililonse panali zigubu, ndowa ndi mabotolo a mafuta ophikira otsukidwa, zitandandalikidwa ngati ana a sukulu. Nyumba zinayi zoyambirira Chichewa changa sichinafunike. Pa yachisanu tinapeza bambo wokalamba kwambiri atakhala pa mpando wa chitsulo, chipewa chili pa bondo. Mng'ono wanga anawapatsa moni wa Chindebele, akuwatcha khulu. Iwo anayankha bwinobwino, koma lilime lawo linandiuza kwawo.

"Mwadzuka bwanji, agogo?" ndinatero, nditanjuta.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe ndiwe mwana wa yani?"

Ndinatchula mudzi ndi mfumu. Iwo anali a ku Dedza. Anaitanitsa mipando, natifunsa za mvula, za mtengo wa feteleza, ndiponso ngati basi ikadutsabe pa Tete. Patapita nthawi ndithu ndi pomwe mng'ono wanga ananditsina kuti ndiwerenge pepala. Ndinawerenga chiganizo choyamba chija.

"Mundilembe?" anatero. "Ine ndinalembedwa kale, mdzukulu wanga. Mu 1956. Anandilemba a Mthandizi."

Apo m'pamene ndinamva liwu langa lomwe ndi makutu awo. Kwa ine kulemba kunali kuika dzina pa mndandanda. Kwa iwo kulemba kunali kuja kwa Mthandizi, dzina lomwe kwathu ankatchulira bungwe lotengera anthu ku mapulazi ndi migodi ya ku Rhodesia. Anatisimbira, osakweza mawu, momwe anawavulira malaya pa depoti, kuwakweza pa sikelo, kuwagogoda pachifuwa, kuwayang'ana m'kamwa, kenako kuwadinditsa chala pa pepala lomwe sanaliwerenge. Anagwira pa pulazi ya fodya, n'kuthawa, n'kudzapeza ntchito ya njanji ku Bulawayo. Kenako anatulutsa chitupa m'thumba la jekete. Anatikumbutsa za lamulo la unzika la mu 2001, lomwe linasandutsa alendo anthu ambiri obadwira m'dzikomo kwa makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ana awo omwe ali m'gulu limenelo, mpaka ena kulephera kuvota. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo, ndipo anaika Chichewa pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Agogowo zimenezi ankazidziwa bwino kuposa ine.

"Pepala lililonse lomwe ndinadindapo chala linali ndi mwini wake," anatero. "Ili mwini wake ndani?"

Ndinapepesa. Ndinati liwulo ndalakwitsa ndine, mwanayu sakulemba anthu, akungopempha kucheza nawo za madzi. Ndinamasulira funso lawo kwa mng'ono wanga, ndipo iye anayankha mosabisa: pepalalo likasungidwa kusukulu, aphunzitsi ake akawerenga zomwe wapeza, ndipo khonsolo ikalandira lipoti. Anafunsa ngati lipotilo libweretse madzi. Ndinaona mtsikanayo akumeza malovu. Akanatha kunena kuti inde, monga amachitira ambiri ofuna siginecha. Anati sangalonjeze.

"Wayankha bwino," anatero agogo. "Koma sindisaina. Pepala lako lomwelo lati ndikhoza kukana, si choncho?"

"Latero, agogo."

"Ndiye ndakana."

Anaseka mpaka kutsokomola, ife n'kuseka nawo. Mng'ono wanga anatseka faelo yake n'kuika cholembera m'chikwama, chifukwa lamulo la ntchito yake ndi lakuti munthu akakana, palibe chomwe unganyamule pa zomwe wanena n'kukaika m'kafukufuku. Faelo itangotsekedwa, agogo anadzuka n'kutitengera kuseri kwa nyumba.

Kumeneko kunali migolo itatu. Woyamba, wovundikira ndi chitsulo cholemera, unali wa madzi akumwa, ndipo kapu yotungira inali yomangirira pa waya kuti mwana asaiike pansi. Wachiwiri unali wophikira ndi wotsukira mbale. Wachitatu unali wa madzi otsala pochapa ndi posamba, ogujumulira chimbudzi. Anatiuza kuti madzi akabwera, kawirikawiri usiku, mpopi umayamba wakhosomola mphepo, kenako umatulutsa madzi ofiira. Amenewo amawathira m'mgolo wachitatu mpaka ayere, ndipo ngakhale ayere, ndowa yoyamba amaiwiritsa. Anatiuza nyumba zomwe zimalandira madzi mochedwa chifukwa zili pokwera, mjigo womwe madzi ake ndi amchere, ndi pomwe paipi ya zonyansa imaphulika mvula ikagwa. Anakhala pamalopo zaka zoposa makumi asanu. Mapu omwe John Snow anachita kujambula, iwo anali nawo m'mutu. Mng'ono wanga anangoima manja ali kumbuyo, akumvetsera Chichewa chomwe ankachitola mwa apo ndi apo, ine ndikumunong'oneza zotsalazo.

Usiku umenewo ndinakonza chiganizo chija. Ndinalemba kuti: "Tikupempha kuti ticheze nanu." Mng'ono wanga anati sangangosintha yekha pepala lomwe komiti inavomereza, ayenera kukawaonetsa kaye aphunzitsi ake, ndipo zinatenga masiku angapo. Tili m'kombi tsiku lina anandifunsa ngati mwa maganizo anga agogo aja akanasaina ndikanamasulira bwino poyamba. Ndinamuuza kuti sindikukhulupirira. Liwu langa linangotsekula msanga chitseko chomwe chinali chotsekuka kale pang'ono.

Anabwererako kawiri kafukufuku atatha, wopanda faelo, kukaphunzira Chichewa ndi kuwatengera mapiritsi a klorini. Miyezi ingapo pambuyo pake ananditumizira buku lake lonse pa foni. Ndinadumpha mitu yoyambirira n'kupita pa tebulo loyamba, lija limasonyeza nyumba zomwe zinasankhidwa, zomwe munapezeka anthu, ndi zomwe zinayankha. Pansi pake pali kamzere kakang'ono ka omwe anakana. Agogo a ku Dedza ali m'menemo, opanda dzina, monga momwe pepala linalonjezera.